FLU419, galimoto yokumba ya asilikali a ku America: mafunso ndi mayankho kwa amene akufuna kuigula

Pa misika yogulitsa katundu wakale wa boma la America pamapezeka kawirikawiri galimoto ina yaifupi koma yaitali msinkhu, yopakidwa utoto wobiriwira kapena wamtundu wa mchenga. Kutsogolo ili ndi chifosholo chotapira dothi, kumsana yabereka mkono wokumbira. Mtengo wake nthawi zambiri umakhala wotsika poyerekeza ndi makina okumba atsopano, ndiye anthu a minda, a ntchito zomanga ndi okonda magalimoto akale amakopeka msanga. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu ayenera kudzifunsa asanatulutse ndalama.

Kodi ndi galimoto yanji imeneyi, ndipo anaipanga ndani?

Dzina lake m'mabuku a asilikali ndi FLU419, ndipo ambiri amangoitchula kuti SEE, chidule cha Small Emplacement Excavator, kutanthauza makina aang'ono okumbira malo a asilikali. Pamphuno pake palembedwa Freightliner, koma mkati mwake ndi Unimog, galimoto ya Mercedes-Benz yodutsa malo ovuta, yochokera ku mtundu wa Unimog 406 umene unatchuka kwambiri m'minda ndi m'nkhalango za ku Ulaya. Zinapangidwa ku fakitale ya ku Gaggenau m'dziko la Germany kuyambira 1986 mpaka 1991, zonse pamodzi pafupifupi 2,400. Dzina la Freightliner linabwera chifukwa kampani ya Daimler-Benz inali itagula Freightliner mu 1981, choncho inagulitsa magalimotowa kwa asilikali a America kudzera m'kampani yake ya komweko.

Injini yake ndi OM 352 ya dizilo, ya masilinda 6, malita 5.7, yopanda tebo, ya mphamvu ya 110 hp (horsepower). Mkono wokumbira ndi wa kampani ya Case, chifosholo chakutsogolo ndi cha Schmidt. Yonse imalemera matani 7 ndi pang'ono. M'chipinda cha dalaivala mumakwana anthu awiri basi, ndipo chiwongolero chili kumanzere.

Asilikali ankachita nayo chiyani, nanga akuigulitsiranji?

Ntchito yake inali kukumba msanga maenje obisalamo asilikali, malo oikapo mfuti zikuluzikulu, ngalande, zimbudzi ndi zina zotere, kenako n'kunyamuka kutsatira gulu. Mfundo yaikulu inali yakuti iziyenda yokha pamodzi ndi mdipiti wa magalimoto ankhondo, osadikira lole yoinyamula. Thirakitala yokumba wamba imayenda pang'onopang'ono moti gulu lonse likanaisiya m'mbuyo. SEE inkafika pamalo, kutsitsa mkono, kukumba, kupinda mkono, n'kubwerera mumzere. Ankathanso kuilowetsa m'ndege yankhondo yonyamula katundu ya C-130.

Itakalamba anailowetsa m'malo ndi makina atsopano, makamaka HMEE ya kampani ya JCB, imene ndi yaikulu, yothamanga kwambiri, ndipo imatha kuvekedwa zitsulo zoteteza woyendetsa ku mabomba. Apa m'pamene ma SEE anayamba kutuluka ambirimbiri kupita ku okushoni.

N'chiyani chimaichititsa kudutsa pamene magalimoto ena amakanika?

Mukagwada n'kuyang'ana kunsi kwake muona chinthu chachilendo: ekiselo sili pakati pa tayala ngati pa lole wamba, ili m'mwamba. Kumapeto kwa ekiselo iliyonse kuli kabokosi ka magiya kamene kamatsitsira mphamvu ku tayala. Chifukwa cha ichi mimba ya galimoto imakhala patali ndi nthaka, ndipo chitsa kapena mwala umene ukanagunda difu ya galimoto ina umangodutsa pansi. Matayala onse anayi amakoka, ndipo madifu onse awiri amatha kutsekedwa kuti tayala lililonse lizungulire mofanana ngakhale lina lili m'malere kapena m'matope. Masipuling'i ake ndi opota, osati amasamba, ndiye ekiselo imapendekeka momasuka pa mabampu. Magiya ndi 16 opita kutsogolo ndi 8 obwerera m'mbuyo, ndipo otsikitsitsa amaikwawitsa pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda pansi.

Kutseka madifu ndi kulumikiza matayala akutsogolo kumadalira mpweya wa m'mathanki. Mpweya ukamathawa penapake, galimoto yotchuka ndi kukwera mapiriyi imatha kutitimira pa udzu wonyowa. Kumbukirani zimenezi, chifukwa nkhani ya mpweya ibweranso.

Kodi imakumba bwino ngati backhoe (thirakitala yokumba) wamba ya Case, JCB kapena Caterpillar?

Mkono weniweniwo umakumba bwino ndithu. Ndi wa banja limodzi ndi mikono ya pa mathirakitala a Case 580, umafika kuya kwa mamita 4 ndi pang'ono, ndipo uli ndi pampu yakeyake ya hayidiroliki yoyendetsedwa kuchokera ku giyabokosi. Ngalande ya mapaipi a madzi, maziko a nyumba, dzenje la chimbudzi, kuzula zitsa, kutsegula njira ya madzi m'munda, zonsezi imachita popanda kudandaula.

Pamene pamavuta ndi pa kasinthidwe ka malo. Pa backhoe wamba woyendetsa amangotembenuza mpando, kukweza miyendo, kusuntha pang'ono, n'kupitiriza. Pa SEE mpando wokumbira uli panja, kumbuyo, pamwamba. Mukamaliza kagawo ka ngalande muyenera kutsika, kuzungulira, kukwera m'chipinda cha dalaivala, kusuntha, kutsikanso, kukweranso kumbuyo. Pa ngalande yaitali miyendo ndiyo imayamba kutopa manja asanatope. Ena amagwira awiriawiri, wina pachiwongolero wina pa mkono, ndipo ntchito imafulumira, koma pamafunika kumvana kwenikweni kuti wina asasunthe galimoto mnzake atazika fosholo pansi.

Kutambasula ndi kupinda mkono nakonso kumafuna kuphunzira. Ukapindidwa umagona pamsana pa galimoto. Kuti ugone, muyenera kuukweza mpaka udutse pakatikati n'kukodwa pa loko wake, ndipo pamenepo pamafunika kusintha chogwirira pa nthawi yake yeniyeni. Woyamba kumene amayesa kangapo mkono uli kubwerera. Si vuto la makina, ndi mmene anaupangira, ndipo dzanja likazolowera zimatheka kamodzi.

Ine ndimaona kuti munthu amene ntchito yake ndi kukumba tsiku lonse pamalo amodzi, pafupi ndi msewu wabwino, backhoe wamba imutumikira bwino kuposa iyi. SEE imapambana pamene dzenje lili kutali, kuseri kwa phiri, kutsidya kwa dambo, kumene lole yonyamula makina singafike. Chimene mukugula kwenikweni ndi kufika kumeneko.

Nanga chifosholo chakutsogolo?

Apa musayembekezere zambiri. Chimanyamula pang'ono kupitirira theka la kiyubiki mita, ndipo chimayendetsedwa ndi pampu yaing'ono yozungulira ndi lamba wa injini. Popeza galimoto yakhala pa masipuling'i ofewa, mukakankha mulu wa dothi louma mphuno imayamba yatsika fosholo isanalowe, ndipo kusalaza bwalo kuti likhale see n'kovuta. Komanso giya yake ndi ya kilatchi, ndiye ntchito yopita kutsogolo ndi kubwerera kambirimbiri imadya kilatchi, imene kuisintha pa galimotoyi ndi ntchito yaikulu. Kutapa mchenga wofewa, manyowa, miyala ya kwale, kapena kukwirira ngalande imene mwakumba, pamenepo chimathandiza. Kuchisandutsa katapila wogumula zulu ndi kuchiwononga.

Ndamva kuti imabwera ndi zida zina. Ndi zoona?

Inde. M'mabokosi a m'mbali munkakhala zida zamanja zoyendera hayidiroliki: chiphwanyira konkire ndi miyala, chibowolero cha miyala, ndi sowo ya tcheni yodulira mitengo. Zimalumikizidwa ku mapaipi aatali okulungidwa pa galimoto pomwepo. Kwa munthu wakumudzi kumene kulibe magetsi, zida zimenezi ndi chuma. Koma magalimoto ambiri amafika ku okushoni mabokosi ali pululu. Funsani, ndipo onani zithunzi za mkati mwa mabokosi, chifukwa kugula zidazi padera kumadula.

Pamsewu imayenda bwanji?

Imatha kufika cha m'ma 70 km pa ola pamsewu wosalala, koma chifukwa choti ingathe sindiye kuti muzitero. Pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita osakwana awiri ndi theka, thupi ndi lalitali, kulemera kwa mkono kuli m'mwamba, chifosholo chikulendewera kutsogolo. Pa bampu imayamba kudumphadumpha mphuno ndi matako, ndipo pokhota mwaliwiro kapena podutsa chopingasa pamalo otsetsereka imatha kugubuduzika. Ngozi imeneyi ndi yodziwika pa galimotoyi. Kwerani phiri molunjika, tsikani molunjika, chifosholo chikhale pansipansi, lamba wapampando amangidwe. Pa chitunda, injini ya 110 hp yosenza matani 7 imafuna kuleza mtima. Phokoso m'kati ndi lalikulu moti zotseka m'makutu n'zofunika pa ulendo wautali.

Ndapeza ina imene mita yake ikuonetsa maola ochepa kwambiri. Si ndiye kuti ili ngati yatsopano?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Galimoto yomaliza mwa izi inatuluka m'fakitale mu 1991. Zambiri zinakhala zaka zochuluka zitangoima pabwalo, padzuwa, pamvula, mwina pachipale. Chitsulo sichidandaula kwambiri ndi kuima, koma mphira umadandaula. Mapaipi a hayidiroliki amauma n'kung'aluka, ndipo alipo ambiri. Masilo a m'masilinda amalimba n'kuyamba kudontha tsiku loyamba kugwira ntchito. Timapaipi ta dizilo timalowetsa mpweya, injini n'kumazima yokha pakapita mphindi zochepa. M'mathanki a mpweya mumadikha madzi, dzimbiri n'kumayenda m'mapaipi mpaka kukatseka mavavu. Mabuleki ake ndi a hayidiroliki othandizidwa ndi mpweya, ndiye dzimbiri limenelo limafika pa nkhani ya moyo. Matayala amatha kuoneka mapanga ali onse koma m'mbali muli ming'alu.

Ndiye pali makoswe. Kuseri kwa dashibodi ya SEE kuli kamalo kofunda, kobisika, kodzaza mawaya, ndipo makoswe amakakonda. Mwini watsopano amatsegula n'kupeza chisa cha udzu ndi mapepala, mawaya atadulidwadulidwa, ambiri a mtundu umodzi, ongosiyana ndi timanambala. Kulumikiza mawaya amenewa limodzi ndi limodzi kumatha masabata.

Chinanso, mita imatha kusinthidwa. Magalimoto ena anakonzedwanso kwathunthu ku Red River Army Depot, malo a asilikali okonzerako magalimoto ku Texas, ndipo amakhala ndi kachitsulo kolembapo tsiku la ntchitoyo. Imene inadutsa kumeneko nthawi zambiri imakhala yabwinoko, koma maola a pa mita yake akhoza kukhala akuwerengedwa kuyambira pa kukonzako. Kunena zoona, SEE imene mlimi wakhala akuigwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi, maola ake ochuluka, ndimaikhulupirira kuposa yonyezimira imene yakhala zaka khumi osalira.

Ndikapita kukaiona, ndiyang'ane chiyani?

Pemphani kuti muilize injini ili yozizira, musapeze ataitenthetsa kale. Onani utsi, mverani kalizidwe kake, kenako yang'anani geji ya mpweya: ikukwera msanga? Mukazimitsa injini, singano ikukhala pomwepo kapena ikutsika uku mukumva kufwirira pansi? Tsegulani kavavu kotulutsira madzi pansi pa thanki ya mpweya muone chotuluka. Madzi oyera pang'ono si nkhani, madzi ofiira ndi chenjezo.

Yendetsani m'magiya onse, kuphatikiza obwerera m'mbuyo. Tsekani madifu pa dothi, osati pa tala. Tambasulani mkono wonse, tsitsani miyendo, kwezani galimoto, isiyeni kanthawi muone ngati ikutsika yokha. Gwedezani fosholo muone kuchuluka kwa mpata m'mapini. Zitsulo zonyezimira za masilinda zisakhale ndi dzimbiri kapena mabala, chifukwa zimenezo zimang'amba silo yatsopano iliyonse imene mungaike. Onani oyilo m'timabokosi ta magiya ta pa matayala onse anayi. Timalowa oyilo wochepa kwambiri, ndipo kakauma kamodzi, magiya amatha mwakachetechete mpaka tsiku limene tayala lidzakane kuzungulira. Pomaliza kwezani mphasa ya pansi m'chipinda cha dalaivala muone dzimbiri, ndipo nunkhizani. Fungo la makoswe silibisika.

Ngati mukugula pa intaneti osaiona, werengani lipoti la woyendera mawu ndi mawu. Pamene alemba kuti injini inalira atailumikiza ku batire lina koma sanaiyendetse, tengani kuti mabuleki, magiya ndi mkono sizinayesedwe.

Masipeyala amapezeka?

Zimatengera chiwalo chake. Za injini sizivuta kwenikweni, chifukwa OM 352 inaikidwa m'malole ambirimbiri a Mercedes-Benz kuyambira m'ma 1960, kuphatikizapo malole a mphuno yaifupi aja ngati 1113 amene anayenda kwambiri m'misewu ya mu Africa. Makaniko wachikulire amene anakulira pa malole amenewo akaiona injiniyi aizindikira. Ilibe kompyuta, pampu ya dizilo ndi yamakina chabe. Za mkono zambiri zimagwirizana ndi za Case. Mapaipi a hayidiroliki amapangidwa pa shopu iliyonse yopanira mapaipi, mungotenga lakale ngati chitsanzo.

Zovuta ndi za Unimog yeniyeni: magiya a m'maekiselo, ziwalo za giyabokosi, mavavu a mpweya, zamabuleki. Izi zimachokera kwa ogulitsa ochepa a ku America ndi ku Germany, mtengo wake ndi wokwera ndipo mumadikira. Matayala ndi a saizi ya 12.5 R20, amene sapezeka pa shopu ya matayala wamba. Magetsi ake ndi a 24 volts, choncho mababu, sitata ndi alitaneta za galimoto yaing'ono sizilowa.

Kuikonza ndekha n'kotheka?

N'kotheka, ndipo mwayi waukulu ndi wakuti asilikali a America amalemba chilichonse. Mabuku ake ali pa nambala ya TM 5-2420-224: lomaliza ndi 10 ndi la woyendetsa, ena ndi a makaniko ndi a mndandanda wa ziwalo, okhala ndi zithunzi za bawuti iliyonse. Amapezeka pa intaneti. Werengani la woyendetsa musanakhudze chogwirira chilichonse.

Chokhumudwitsa ndi kufikira injini. Yabisala pansi pa chipinda cha dalaivala, ndipo pa ntchito zikuluzikulu chipindacho chiyenera kupendeketsedwa kutsogolo. Kuti zitero muyambe mwachotsa chifosholo ndi zina zotchinga. Ntchito ya ola limodzi pa thirakitala imatha kudya tsiku lathunthu pano.

Chenjezo limodzi pa mabuleki: magalimoto a asilikali a America amagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki a silikoni, a DOT 5, amene sasakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4. Dziwani zimene zili m'kati musanathire chilichonse.

Pali ina yofanana nayo koma ili ndi foloko ndi kireni. Ndi yomweyi?

Ndi m'bale wake, HMMH. Thupi ndi injini n'zimodzi, koma kutsogolo kuli foloko yonyamulira mapaleti, kumbuyo kuli kireni. Zinapangidwa zochepa kwambiri poyerekeza ndi SEE, ndipo sizikumba.

Zimagulidwa kuti, ndipo mapepala ake ndi otani?

Katundu amene asilikali a America amusiya amadutsa ku nthambi ya boma ya DLA Disposition Services, ndipo magalimoto ambiri otere agulitsidwa pa okushoni ya pa intaneti ya GovPlanet. Lero ma SEE ambiri ali kale m'manja mwa anthu wamba, alimi, maboma aang'ono ndi magulu ozimitsa moto akumidzi, ndiye mumawapezanso akugulitsidwa kachiwiri kapena kachitatu.

Pa okushoni katundu amagulitsidwa mmene alili, pamene alili. Pamwamba pa mtengo umene mwapambana nawo pamabwera ndalama ya ogulitsa, msonkho, ndi ya lole yodzainyamula, ndipo mumapatsidwa masiku owerengeka kuti muichotse. Katundu wina wa asilikali amafuna kuti wogula adzaze End-Use Certificate, chikalata chonena kuti iye ndi ndani ndipo akachita naye chiyani, ndipo satuluka mpaka boma litavomereza. Chikalata cha SF-97 ndi chimene chimathandiza kulembetsa galimoto ya boma m'dzina lanu. Malamulo olembetsera amasiyana m'chigawo chilichonse cha America: kwina amailemba ngati lole, kwina ngati makina a ntchito osayenera kuyenda mtunda pamsewu. Funsani ku ofesi ya zamagalimoto ya kwanuko musanapikisane nawo pa mtengo.

Ndili ku America ndipo ndikufuna kuitumiza kumudzi. Zingatheke?

Funso loyamba si la sitima, ndi la chilolezo. Katundu amene anapangidwira asilikali amatha kukhala pansi pa malamulo a America oletsa kutumiza kunja popanda chilolezo, ndipo kuphwanya malamulo amenewo ndi mlandu waukulu. Onani zimene zalembedwa pa malonda a galimotoyo, ndipo pezani kampani yotumiza katundu imene inagwirapo za mtundu umenewu. Kenako funsani a kasitomu ndi a zapamsewu a dziko limene ikupita, za msonkho komanso za galimoto ya chiwongolero chakumanzere, popeza Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse amayenda kumanzere kwa msewu. Mayankho amenewa muwapeze olembedwa galimoto isanakwere sitima.

Ikonzeni isananyamuke. Sitima zonyamula magalimoto zimafuna yoyenda yokha komanso yoima ikapondedwa buleki, ndipo kuchokera pa doko la Dar es Salaam, Beira, Nacala kapena Durban ulendo udakali wautali. Ziwalo za mpweya ndi za mabuleki n'zosavuta kuzipeza muli ku America kusiyana ndi galimoto itafa pamudzi nthawi ya dzinja. Ikani m'bokosi masefa, malamba, masilo, mavavu a mpweya ndi tayala lapadera, ziyende nayo limodzi. Pamene msewu umaduka mvula ikagwa, ndipo pali madamu, ngalande zothirira ndi makalavati ofuna kukumbidwa, galimotoyi ingagwire ntchito yooneka. Koma pakhale munthu mmodzi wodziwika amene aziyendetsa ndi kuisamala, osati aliyense amene wapeza kiyi.

Yafika pakhomo. Ndiyambe ndi chiyani?

Musathamangire kukumba. Khuthulani dizilo wakale, tsukani thanki, sinthani masefa a dizilo, ndipo popani ndi kapampu kamanja mpaka thovu litasiya kutuluka. Sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa madifu awiri ndi wa timabokosi tinayi ta pa matayala. Onani mafuta a hayidiroliki: akaoneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi, achotsedwe pamodzi ndi masefa ake. Tulutsani madzi m'mathanki a mpweya, ndipo kuyambira tsiku limenelo muzichita zimenezi nthawi iliyonse mukaweruka. Pakani girisi pa nsonga zonse zimene buku lasonyeza, kuphatikizapo zobisika pansi. Mabuleki ayesedwe pabwalo lopanda anthu, pa giya yotsika, musanatulukire pamsewu.

Zikatha izi, pezani malo athyathyathya opanda mawaya a magetsi m'mwamba ndi mapaipi pansi, muphunzire kutambasula ndi kupinda mkono mpaka manja azolowere. Tsiku loyamba kukumba khalani ndi mafuta a hayidiroliki apadera ndi masipanala pafupi, chifukwa paipi yakale imaphulika ikalandira mphamvu yonse. Paipi ikamadontha musaifufuze ndi dzanja: mafuta otuluka mwamphamvu pa kabowo kakang'ono amaboola khungu, ndipo bala lotero limafuna dokotala nthawi yomweyo. Gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni, injini muizimitse, mkono muutsitse pansi musanamasule nati iliyonse.